Geti la malole aliloza pamene mwana wanga amawolokera

Aphungu,

Ndine bambo wachinyamata, sukulu ndinalekera panjira, ndiye kalatayi ikamakhotakhota musadabwe. Ntchito yanga ndi yomata matayala. Ndili ndi kashedi ka malata m'mbali mwa msewu wathu, kompresa yokalamba, ndi bafa la madzi loonera pamene chubu chabooka. Ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi, wayamba sukulu chaka chino. Timamutcha Kaphokoso poti pakamwa pake sipapuma. Nkhani yanga ndi ya mwanayu ndi msewu umene amayendamo.

Kutsidya kwa msewu wathuwu kuli malo aakulu opanda nyumba. Chakumtunda, kumene malowo amakumana ndi msewu waukulu, kuli chinyumba chakale cha njerwa zofiira, denga linagwa mbali imodzi. Akuti ndimo munali sukulu yoyamba ya dera lino. Pambali pake pali dambo la bango mmene mumagona akakowa ndi mbalame zina zomwe ine sindizidziwa maina. Chakumunsi ndiye kwathu. Msewu wathu ndi wopapatiza, mbali ina ngalande, mbali inayi mabenchi a amayi ogulitsa, njira ya oyenda pansi palibe. Sukulu ya mwana ili kumapeto kwake. M'mawa ana amayenda m'mphepetemo atagwirana zikwama, ndipo pafupi ndi shedi yanga ndi pamene amawolokera, chifukwa kutsogoloku ngalande ndi yakuya.

Malo aja chikhalire timamva kuti ndi osamangapo. Tsopano kwabwera bwana wina amene akufuna khonsolo isinthe lamulo la malowo kuti amangepo zinyumba zosungiramo katundu, malole azibwera kudzatsitsa ndi kukweza. Khonsolo inati isanavomere iyamba yaona zinthu zitatu: chinyumba chakalecho, zamoyo za m'dambo, ndi kuchuluka kwa magalimoto m'misewu yozungulira.

Za chinyumba anaziimirira aphunzitsi ena opuma ntchito, oyenda ndi ndodo, amene anazungulira nawo akuluakulu a ku khonsolo khoma ndi khoma. Za dambo kunabwera mayi wina wa chipewa chachikulu ndi magalasi oonera kutali, ankaima m'matope kuyang'ana m'bango, mpaka anthu anangomutcha Mayi Akakowa. Awa onse tinkawaona, tinkawapatsa moni. Koma a zamagalimoto sanayankhule ndi munthu. Anangobwera amuna awiri ovala majekete onyezimira, anakhomera kapayipi kakuda ka mphira kopingasa msewu pafupi ndi shedi yanga, nsonga yake analowetsa m'bokosi lachitsulo, bokosilo analimanga ndi tcheni ku pholo la magetsi, basi ulendo.

Anthu anandiunjirira ine. "Iwe Matayala, si paja mphira ndi ndiwo zako? Tatiuza, kameneka n'kachiyani?" Ndinakapsinja ndi chala, ndinati mphira ndi wabwino ndithu koma ntchito yake sindikuidziwa. Ndiye anatulukira alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amene ali ndi kalole konyamula mchenga. Anati, "Inu muli kutulo eti? Kameneka kakangomva tayala, bokosilo limajambula nambala ya galimoto. Amene inshulansi yake inatha, amene mapepala sali bwino, apolisi akamupeza ali pakhomo pake."

Aphungu, kwathu kuno galimoto ya mapepala okwanira mungaifune ndi tochi. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika paliponse. Maminibasi anayamba kuzungulira kanjira ka kuseri kwa tchalitchi. Anyamata a njinga zamoto akafika pa kapayipi ankatsitsa kasitomala, kunyamula tayala lakutsogolo, kenako lakumbuyo, n'kumukwezanso. Mayi wina wa wilibala anaitana anthu kuti amuthandize kuidumphitsa, ati sakufuna kujambulidwa alibe mpango wabwino. Tinkaseka. Komanso nthawi imeneyo sukulu zinali pa tchuthi. Msewu unangoti zii, ine kumangowodzera pa tayala, kompresa osailiza n'komwe. Amuna aja atabwera kudzazula kapayipi kawo, m'mawa mwake magalimoto onse anabwerera ngati sanachokepo.

Kenako tinaitanidwa ku msonkhano mu holo ya pasukulu. Anaonetsa zithunzi pakhoma. Anati chinyumba chakale sichigwetsedwa, aphunzitsi aja mpaka anavula chipewa. Anati dambo silikhudzidwa, Mayi Akakowa kumwetulira. Ndiye mkulu wina wa tayi anati chifukwa cha zinthu ziwirizi, geti la malole silingakhalenso kumtunda ku msewu waukulu monga anajambulira poyamba. Aliloza ku msewu wathu. Anati, "Mwamwayi, titawerenga tapeza kuti msewu wakumunsiwu mumadutsa magalimoto ochepa kwambiri, moti malole alowamo bwinobwino." Apa m'pamene ndinadziwa kuti kapayipi kaja kankawerenga magalimoto, ndipo ife tinakanamiza tokha. Nditayang'anitsitsa chithunzicho, getilo lili moyang'anizana ndi shedi yanga, pamene ana amawolokera penipeni. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinafuna kuyankhula koma ndinachita manyazi, poti onse amene anayankhula ankasakaniza Chingerezi.

Kuchokera tsikulo sindikhulupirira munthu. Ndinawapeza aphunzitsi aja panja, ndinawauza nkhawa yanga. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, agogo ako anaphunzirira kulemba dzina lawo m'nyumba imeneyo, ungailole igwe?" Ndinangoti zikomo, koma mumtima ndimati wanga mwana akuphunzira kulemba lake panopa, nanga iye? M'chinyumbamo ine ndimangodziwa mileme ndi anthu osuta. Mayi Akakowa anati, "Bambo, mbalamezi zikathawa sizidzabweranso." Ndinati, "Nanga mwana lole ikamuponda amabweranso?" Anati za geti iwonso anazionera pakhoma pomwepo, ndipo ndikawapeze tikakambirane. Sindinapite. Mayi ameneyu sakhala kuno, amabwera pagalimoto, akamaliza kuona mbalame zake amasintha nsapato n'kumapita. Ndikuona ngati anagawana kale, wina njerwa, wina bango, bwana malo, ife malole.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi cha alamu anga. Masiku ano ndawaonapo atakwera kutsogolo m'galimoto ya bwana uja. Kalole kawo kavala matayala atsopano onse, ndipo sanadzere kwa ine monga amachitira. Akuti awalonjeza kuti mchenga wonse womangira azidzanyamula iwo. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, za bokosi lojambula nambala zija munazimva kwa ndani?" Anaseka n'kuti, "Aa alamu, aliyense amadziwa zimenezo. Inu bwanji simukusangalala? Malole akamaima pakhomo panu, matayala ake mudzachita kuwakana. Kapena mukufuna kufa mukumata machubu a njinga?" Kodi sanachite kutumidwa kuti atiopseze, msewu uoneke wopanda magalimoto?

Nditawauza mayi a kunyumba kuti ndikufuna kukanena zonsezi pa msonkhano womaliza, umene ukhale mwezi wamawa makhansala asanavote, mbale inagwa. Anati, "Bambo a Kaphokoso, mukufuna mukayalutse achimwene anga pagulu? Amayi akadwala amawanyamula ndani, inu ndi kompresa yanuyo?" Mkulu wa madalaivala a minibasi nayenso anabwera pa shedi, anati, "Matayala, tamva. Ukakanena kuti tinkathawa payipi, akafunsa kuti tinkathawiranji. Ndiye ukati chiyani? Omata matayala ndi ambiri m'tauni muno, usaiwale." Mnzanga wina akuti ndisavutike ndi misonkhano, ati bango likauma limangofuna kamachesi kamodzi, chinyumba nacho khoma lake ndi longokankha, ndipo zikachoka ziwirizi geti libwerera lokha kumtunda. Kunena zoona, sindinamukalipire.

Sabata yatha panaima lole yaikulu pa shedi, tayala lakumbuyo litaphwa. Kaphokoso anali atangoweruka. Ndinamuimika kutsogolo kwa loleyo, ndinapempha dalaivala kuti ndikhale pampando wake. Ndinayang'ana pagalasi, ndinasuzumira, ndinadzuka pang'ono. Mwana osaoneka, ngakhale nsonga ya tsitsi. Ndinkangomva mawu ake pansipo akuseka, "Ababa, mukundiona? Ndabisala!" Nditatsika ndinamunyamula n'kumuchotsa pamenepo.

Aphungu, ndichite chiyani? Ndikaime ndinene kuti kuwerenga kuja n'kwabodza, nditchule alamu anga, ndidane ndi banja la akazi anga ndi makasitomala anga omwe? Kapena ndikhale chete, mwana ndimutumize kwa azakhali ake akaphunzire kumeneko? Ine za mbalame ndi njerwa sindizidziwa. Ndikungofuna mwana wanga azipita kusukulu n'kubwerako.

L.D.K.,
kumunsi kwa dambo


Bambo a Kaphokoso,

Kalata yanu siinakhote paliponse, ndipo mantha anu ali ndi mutu. Mwana musamutumize kwa azakhali ake. Mukatero mwapulumutsa mmodzi, mwasiya anzake onse pageti, ndipo inu mwatsala m'nyumba yopanda phokoso. Mukayankhule. Koma tiyeni tisankhe bwino zokayankhulazo.

Poyamba kapayipi. Mulibe kamera m'bokosi lija. Tayala likaponda, mpweya wa m'kapayipi umakankha kachitsulo, bokosi n'kuwerenga kuti padutsa chinthu. Basi. Sikadziwa nambala, sikadziwa inshulansi, komanso chachikulu n'chakuti sikawerenga mapazi. Ngakhale anthu akanapanda kukathawa, ana onse aja kakanawaphonya. Ndiye kuwerenga kumeneku kwalakwika patatu: anthu anazungulira, sukulu inali yotseka, oyenda pansi sanawerengedwe. Khonsolo sinanene kuti mbalame ndi zofunika kuposa ana. Inaika zinthu zitatu pa sikelo, koma mbali yanu anaikapo nambala yabodza. Nkhondo yanu ndi yochotsa nambala imeneyo, osati yolimbana ndi akakowa.

Za alamu anu, nanenso nkhani ya matayala atsopano yandikayikitsa. Koma kukayika si umboni. Alipo anthu amene sangaone gulu litasonkhana osadzipanga odziwa zonse, ndipo mwina alamu anu ndi otero, mwayi wa mchenga unangowapeza pambuyo. Mwinanso anatumidwadi. Inu simungatsimikize, ndipo mwamwayi simukufunika kutsimikiza. Kaya mphekesera inachokera kwa ndani, kuwerenga kunalakwika basi. Dzina lawo lisiyeni kunyumba. Mayi a mwana muwauze momveka kuti achimwene awo simukawatchula, kenako muwafunse ngati iwo akugona tulo ndi geti limeneli, poti mwanayo ndi wawonso. Alamu muwapeze nokha msonkhano usanafike, muwauze zomwe mukanene. Muwakumbutse kuti geti likasuntha nyumba zimangidwabe, mchenga ufunikabe. Akakwiyabe ngakhale zili choncho, pamenepo mudziwa zambiri, koma muzisunge mumtima.

Madalaivala akuopa funso lomwe silingafunsidwe. Ofesi yoona za mapulani a malo si apolisi apamsewu. Inu mukangonena zoona zake: kapayipi kanaikidwa popanda kutifotokozera, anthu anachita mantha, anayamba kudzera njira ina. Palibe bodza pamenepo, palibenso amene mwamupereka. Mkulu wawoyo mumufunse kuti malole awiri akaima m'kamsewu kameneko kudikira kuti geti litsegulidwe, minibasi yake idzadutsa pati. Akaganiza bwino aona kuti nkhaniyi ndi yakenso. Sindikunamizani, mwina ena adzakunyanyalani kwa kanthawi. Tayala likaphwa pafupi ndi shedi yanu adzaiwala.

Musadikire tsiku la msonkhano. Sabata ino pitani kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu ya mwana wanu ndi kwa komiti ya makolo. Iwowa mawu awo amalemera ku khonsolo kuposa a munthu mmodzi, ndipo ndikukayika ngati anafunsidwa n'komwe. M'mawa wina imani pa shedi yanu ndi foni, mujambule ana akuwoloka pakati pa maminibasi ndi njinga zamoto, kuchokera chakumbali kuti nambala za magalimoto zisaoneke. Kenako mupite ku ofesi ya mapulani mukafunse kuti kuwerenga kunachitika liti, ndipo mukapereke dandaulo lolemba m'Chichewa chomwechi mwandilemberachi. Mupemphe kuti awerengenso sukulu zili zotsegula, anthu atauzidwiratu, komanso pakhale munthu wowerenga oyenda pansi. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi akudindireni mubwere nayo.

Tsopano aphunzitsi a ndodo ndi mayi wa chipewa. Mwawaweruza msanga. Iwo anapempha kuti chinyumba ndi dambo zisakhudzidwe, sanapemphe kuti malole alowe kwanu. Amene anasankha poika geti ndi omangawo, ndipo omanga amakonda njira yosawatayitsa malo. Kukayika kwanu kulozeni kumeneko. Malo aakulu ngati amenewo sakhala ndi makomo awiri okha. Kodi geti silingakhale ku msewu waukulu womwewo, chapatali ndi chinyumba? Kodi atafupikitsa nyumba imodzi sipangapezeke njira yolambalala bango? Mafunso amenewa mayi uja angawafunse bwino kuposa inu ndi ine, poti wapambana kale kamodzi ndipo makomo a ku khonsolo akuwadziwa. Anakuitanani, pitani. Mukufuna kudziwa ngati ndi wachilungamo? Mumupemphe kuti adzaime pambali panu mu holo n'kunena kuti sanateteze mbalame kuti ana alowe pangozi. Aphunzitsi a ndodo aja muwapemphe chimodzimodzi, munthu wolirira sukulu yakale sangakane ana a sukulu ya lero pagulu. Akavomera, mwapeza anzanu. Akazemba, mwawadziwa.

Ndipo dambolo musalinyoze. Mwanena nokha kuti mumakhala kumunsi ndipo ngalande yanu ndi yakuya. Bango limenelo ndi lomwe limagwira madzi a mvula asanatsikire kwa inu. Likachoka, adzayamba kulira ndinu, mbalame zitauluka kale. Mnzanu wa machesi uja mumuuze kuti asadzabwerezenso, ngakhale moseka. Moto wa bango sufunsa kuti nyumba iyi ndi ya ndani, kugwetsa khoma lija ndi mlandu, ndipo tsiku lomwelo bambo wodera nkhawa mwana wake adzasanduka wowononga amene palibe angamumvere.

Mu holo musavutike ndi Chingerezi cha anthu a tayi. Nenani dzina lanu, ntchito yanu, ndi pamene shedi yanu ili. Nenani zitatu zija zomwe zinalakwika powerenga. Kenako fotokozani zomwe munachita ndi lole ija, ndipo mupemphe khansala mmodzi yekha kuti adzakhale pampando wa dalaivala ayesere yekha. Mukatero khalani pansi. Wolankhula motalika amapatsa anthu mpata womudula.

Ndikuuzeniretu kuti mwina nyumbazo zimangidwabe, poti ntchito anthu akuzifuna. Mwinanso angakane kusuntha geti. Zikatero musatuluke chimanjamanja. Muumirire njira ya oyenda pansi yokwezeka yokhala ndi zitsulo zotchinga, zitunda zochepetsa liwiro, powolokera podziwika patali ndi geti, malole asalowe kapena kutuluka nthawi yopita ndi yoweruka ana, ndipo azidikirira mkati mwa mpanda, osati pamsewu.

Chenjezo langa ndi ili. Patsikulo adzakumwetulirani, adzati bambo musadandaule, zonsezo tidzakonza tikayamba kumanga. Musavomere mawu apakamwa, ngakhale atachokera kwa bwana mwiniwake atakugwirani dzanja. Chilichonse chimene alonjeza chilembedwe m'chilolezo chenichenicho makhansala asanavote, ndipo wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni mumve ndi makutu anu. Lamulo la malo likasinthidwa, konkire ikauma, palibe adzagumule geti chifukwa cha mwana wa womata matayala. Lero getilo likadali pa pepala, ndipo pa pepala limasuntha.

Aphungu